Osaka Ma Save: Mbiri ya Ligi ya Rotisserie ndi Mpando wa Woponya Wotseka

Mu November 1979, Daniel Okrent, mkonzi wa mabuku ndi magazini wa ku America, anakwera ndege ku Hartford kulowera ku Austin, ku Texas. Ali m'ndegemo analemba papepala malamulo a masewera amene lero akudya nthawi ya anthu mamiliyoni. Ganizo lake linali lakuti anthu wamba, oti sangathe n'komwe kumenya mpira wa baseball, akhale eni matimu a papepala. Aliyense agule osewera enieni a mu ligi yaikulu, ndipo zimene osewerawo achite m'mabwalo kuyambira April mpaka September zilembedwe ngati za timu yakeyo. Anzake a ku Austin atawafotokozera sanaonepo chanzeru. Amene anaigwira nkhaniyi ndi anzake a ku New York, olemba ndi akonzi a magazini amene ankakonda kudyera limodzi nkhomaliro pa lesitilanti ya La Rôtisserie Française, pa msewu wa East 52nd. Dzina la malo odyerawo ndilo linasanduka dzina la ligi yawo.

Mbewu ya ganizoli inali itafesedwa kale. Mu 1960, William Gamson, katswiri wa maphunziro a chikhalidwe cha anthu, anayambitsa ndi anzake ku Harvard kampikisano kamene ankakatcha Baseball Seminar. Ankasankha osewera sizoni isanayambe, n'kudikira kuti ikatha aone amene anasankha bwino. Gamson atasamukira ku yunivesite ya Michigan anapita nako kampikisanoko, ndipo mmodzi mwa aphunzitsi amene anakakonda kumeneko, Robert Sklar, ndiye anadzamufotokozera Okrent, yemwe anali wophunzira wake. Zimene Okrent anawonjezera ndizo zinapatsa masewerawa moyo: timu yathunthu, kusinthana osewera sizoni ili m'kati, ndi kufunika kotsatira nkhani tsiku ndi tsiku.

Amene sanaonerepo baseball afunika kudziwa zochepa chabe kuti titsatane. Masewera amodzi amakhala ndi zigawo 9. M'chigawo chilichonse timu ina imaponya mpira pamene ina ikumenya ndi chibonga, ndipo omenya atatu akatulutsidwa matimuwo amasinthana. Womenya akazungulira ngodya zonse zinayi za bwalo n'kubwerera pamene anayambira, chimenecho ndiye chigoli. Woponya amene wayamba masewera kawirikawiri samaliza, chifukwa mkono umatopa. Chakumbali kwa bwalo kuli kampanda kotchedwa bullpen, mmene oponya ena 7 kapena 8 amakhala kudikira foni ya mphunzitsi. Amene wachotsedwa sabwereranso tsiku limenelo. Timu iliyonse imasewera masewera 162 pa sizoni, pafupifupi tsiku lililonse, choncho nkhani za m'kampandamo sizitha.

Okushoni yoyamba ya ligi ya Rotisserie inachitika mu April 1980. Panali matimu 10, iliyonse ndi madola 250 ogulira osewera 22 a mu National League yokha, imene ndi mbali imodzi ya ligi yaikulu. Pambuyo pake anakweza kufika pa madola 260 ndi osewera 23, nambala zimene maligi ambiri akuzisungabe mpaka lero. Pagululo panali Lee Eisenberg wa magazini ya Esquire, Rob Fleder, Valerie Salembier yemwe anali mayi yekhayo, ndi Glen Waggoner, amene pamodzi ndi Peter Gethers anapambana chaka choyambacho. Wopambana ankathiridwa kumutu chakumwa cha chokoleti cha Yoo-hoo, ndipo mwambowo unakhazikika. Ankapikisana pa zinthu 8. Kumbali ya omenya ankawerenga kangati munthu amamenya bwino pa mwayi umene wapatsidwa, mipira imene waitulutsira kunja kwa mpanda, zigoli zimene walowetsa anzake, ndi ngodya zimene waba pothamanga. Kumbali ya oponya ankawerenga zipambano, zigoli zimene woponya amalola pa zigawo 9 zilizonse, omenya amene amawalola kufika pa ngodya m'chigawo chilichonse, nambala imene Okrent anaipanga yekha ndipo lero imadziwika kuti WHIP, ndi chomaliza, save. Pa chinthu chilichonse wotsogola ankalandira mapointi 10, wachiwiri 9, kutsika mpaka wotsalira ndi pointi imodzi.

Zambiri mwa zimenezi munthu waluso amazipeza ndithu, bola alowe m'bwalo. Save ndi yosiyana. Woponya akhoza kukhala ndi mkono woopsa kuposa onse m'timu, koma ngati mphunzitsi samupatsa mpira m'chigawo chomaliza timu ikutsogola pang'ono, sizoni idzatha alibe save ndi imodzi yomwe. Poika nambala imeneyi m'malamulo ake, Okrent anamangirira masewerawa ku maganizo a aphunzitsi. Ine ndikuona kuti khalidwe limene anthu a masewerawa, amene lero amatchedwa fantasy baseball, amadziwika nalo, kusagona, kudzuka foni ili m'manja, kusanthula mawu a mphunzitsi liwu ndi liwu, linayambira pomwepa.

Nambalayi inabadwa chifukwa mtolankhani wina sanakhutire. Mu 1959, Roy Face wa timu ya Pittsburgh Pirates, woponya wa mu bullpen, anapambana masewera 18 n'kugonja amodzi okha, ndipo anthu anamutamanda kwambiri. Jerome Holtzman, mtolankhani wa ku Chicago, atafufuza masewerawo amodziamodzi anapeza kuti pa 10 mwa 18 aja Face analola adani kubweza kapena kutsogola kumene, kenako omenya a Pirates n'kumuwombola, chipambano n'kulembedwa m'dzina lake. Holtzman anaona kuti apa pali kukondera. Woponya amene walowa zinthu zitathina n'kusunga bwino zigoli zimene anzake anapeza analibe nambala yomuchitira umboni, pamene wozitaya ankatha kulandira ulemu. Anapanga save. Nyuzipepala ya The Sporting News inayamba kuiwerenga mu 1960, ndipo akuluakulu a ligi anaivomereza mu 1969. Woyamba kuilandira mwalamulo anali Bill Singer wa Los Angeles Dodgers pa 7 April chaka chimenecho.

Lamulo limene likugwira ntchito lero linakhazikika mu 1975. Woponya ayenera kukhala womaliza wa timu yopambana, asakhale amene chipambano chalembedwa m'dzina lake, ndipo akwaniritse chimodzi mwa zitatu izi: alowe timu ikutsogola ndi zigoli zosaposa 3 n'kuponya chigawo chathunthu; kapena alowe pamene munthu wotha kufananitsa zigoli ali kale pa ngodya, akumenya, kapena ndiye wotsatira pa mzere; kapena aponye zigawo 3 zomaliza. Choyamba chija ndicho chinadzabala mavuto. Kusunga zigoli 3 m'chigawo chimodzi, pa ngodya palibe munthu, si ntchito yolemetsa kwa woponya wa mu ligi yaikulu. Komabe papepala amalandira zofanana ndi mnzake amene walowa nyumba ikuyaka.

Pamene a Rotisserie ankayamba, vutoli linali lisanaonekere. Oponya otchuka a mu bullpen a nthawi imeneyo, monga Rollie Fingers, Goose Gossage ndi Bruce Sutter, ankatchedwa ozimitsa moto, ndipo ankaitanidwa pamene pavuta, kaya ndi m'chigawo cha 7 kaya cha 8, n'kuponya mpaka masewera atathe. Mike Marshall wa Dodgers mu 1974 analowa m'masewera 106 n'kuponya zigawo zoposa 208, ntchito imene lero amagawana anthu atatu. Ma save ake anali 21 okha. Save inali chizindikiro cha ntchito yolemetsa imene munthu wagwira, isanasanduke chinthu chimene chimalamula kagwiridwe ka ntchitoyo.

Masewera a Okrent anafala mwamsanga chifukwa cha anthu amene anawayamba. Anali a zolembalemba, ndipo anzawo anali atolankhani. Okrent anawafotokoza m'magazini ya Inside Sports mu 1981, ndipo chaka chomwecho osewera a ligi yaikulu ananyanyala ntchito kuyambira June mpaka kumapeto kwa July. Atolankhani a masewera, atasowa cholemba, analemba za ligi ya papepalayi, ambiri n'kuyambitsa zawo. Buku la malamulo linatuluka mu 1984. Koma ntchito inali yokhetsa thukuta. Mlembi wa ligi ankadikira The Sporting News, imene inkatuluka kamodzi pa sabata, n'kuwonkhetsa nambala za osewera oposa 200 ndi pensulo, kenako n'kutumiza zotsatira pa positi. Nyuzipepala ya USA Today, imene inayamba mu September 1982, inapeza owerenga ambiri pakati pa anthu amenewa chifukwa inkasindikiza nambala zatsatanetsatane za matimu onse. Masiku amenewo wodziwa nkhani poyamba ndiye ankadya bwino. Ena ankaimba foni ku maofesi a matimu kufunsa za phewa la wosewera wakutiwakuti, mpaka ogwira ntchito kumeneko anatopa nawo.

Kenako kunabwera Dennis Eckersley. Mu April 1987 timu ya Oakland Athletics inamutenga kuchokera ku Chicago Cubs ali ndi zaka 32, woponya woyamba masewera amene ambiri ankati zake zinatha. Mphunzitsi Tony La Russa ndi womuthandiza pa za oponya, Dave Duncan, anamuika mu bullpen. Jay Howell, amene ankamaliza masewera a timuyo, atavulala, Eckersley anatenga malowo. La Russa anachita chinthu chimene chinasintha baseball yense: anamusungira chigawo cha 9 pafupifupi chokhacho, timu ikamatsogola, ndipo zigawo za 7 ndi 8 anazigawira anthu ena, aliyense ndi ntchito yake yodziwika. Zotsatira zake zinali zodabwitsa. Mu 1988 Eckersley anapeza ma save 45. Mu 1990 anapeza 48, ndipo pa zigawo 9 zilizonse ankalola zigoli 0.61 zokha. Mu 1992 anapeza 51 n'kusankhidwa kukhala woponya wabwino koposa komanso wosewera wofunika koposa mu American League. Aphunzitsi ena onse anatengera. Wozimitsa moto uja anasanduka closer, wotseka masewera, munthu wa chigawo chimodzi.

Kwa osewera fantasy baseball izi zinatanthauza kuti timu iliyonse ili ndi mpando umodzi wokha wobala ma save. Kuyambira 1998 matimu a ligi yaikulu alipo 30, ndiye kuti mipando 30, pamene ligi ya papepala ya anthu 12 aliyense amafuna otseka awiri kapena atatu. Nambala zinakwera: Bobby Thigpen wa Chicago White Sox anapeza 57 mu 1990, Eric Gagné wa Dodgers anasunga masewera 84 motsatizana osataya ndi amodzi omwe pakati pa 2002 ndi 2004, ndipo Francisco Rodríguez wa Angels anafika pa 62 mu 2008. Mitengo pa okushoni inakweranso, ndipo anthu anagawanika pawiri. Ena ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno: lipira ndalama zambiri, ugule wotseka wodziwika, ugone tulo. Ena ankati mipandoyi imasintha eni ake kwambiri chaka chilichonse moti kuwonongera ndalama pamenepo n'kutaya. Ron Shandler, amene anayamba kusindikiza buku lake la pachaka mu 1986 n'kudzayambitsa mpikisano wa akatswiri wa Tout Wars, ankalimbikitsa owerenga ake kuyang'ana luso la woponya kuposa udindo umene wapatsidwa, chifukwa waluso udindo umamupeza. Mkanganowu sunathe mpaka lero, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi zipsera zoonetsa.

Intaneti inathetsa pensulo ndi positi. RotoNews, imene inadzakhala RotoWire, inayamba mu 1997 kulemba tinkhani tatifupi ta wosewera aliyense: chimene chachitika, ndi tanthauzo lake kwa amene ali naye pa timu ya papepala. Mu 1999 Yahoo inayamba kuyendetsa maligi aulere, ndipo khamu linalowa. Panabadwa matchati osonyeza timu iliyonse wotseka wake, wachiwiri pa mzere, wachitatu, ndi amene mpando wake ukugwedera. Panabadwanso chizolowezi chogula wotseka pamodzi ndi womutsatira wake, kuti woyambayo akagwa ma save asatuluke m'nyumba. Poona kuti amene amakhala pa kompyuta usiku wonse akutola osewera onse abwino, maligi ambiri anakhazikitsa thumba la ndalama zongoyerekeza, madola 100 kapena 1,000 pa sizoni, zogulira osewera opanda mwini. Aliyense amalemba mtengo wake mobisa, ndipo m'maligi ngati a NFBC, imene inayamba mu 2004, zotsatira zimatuluka Lamlungu usiku. Ndalama zambiri za m'thumbali zimathera pa oponya amene sabata yapitayo palibe ankawadziwa dzina.

Bizinesiyi itakula, eni ligi yaikulu anafuna kuti makampani azilipira kuti agwiritse ntchito mayina ndi nambala za osewera. Kampani ya CBC ya ku St. Louis inakana n'kupita kukhoti, ndipo inapambana mu 2006, n'kupambananso pa apilo mu 2007. Khoti lalikulu la dzikolo linakana kumva mlanduwo mu 2008, nambala za masewera n'kukhala za aliyense. Oyambitsa aja sanapindule kwenikweni. Dzina la Rotisserie analiteteza mwalamulo, koma anthu anangolisiya n'kumati fantasy, malamulo ake n'kutenga ulere.

Akatswiri a nambala anali atayamba kale kudandaula kuti save ikupusitsa aphunzitsi. Bill James, amene mabuku ake a pachaka anayamba mu 1977, ankanena kuti woponya wabwino koposa ayenera kulowa pamene masewera ali pamphambano, ngakhale m'chigawo cha 7 zigoli zili zofanana. Timu ya Boston Red Sox itamulemba ntchito ya ulangizi, inalowa sizoni ya 2003 yopanda wotseka mmodzi wodziwika. Tsiku loyamba lomwe, ku Tampa Bay, analowa chigawo cha 9 akutsogola 4 kwa 1 n'kugonja 6 kwa 4, Carl Crawford atatulutsira kunja mpira wa Chad Fox. Atolankhani a ku Boston anaukira ganizolo, ndipo pofika kumapeto kwa May timuyo inali itatenga Byung-Hyun Kim, amene anadzakhala wotseka wake. Vuto lenileni linali lakuti oponya amene analipo sanali abwino mokwanira, koma mlandu unagwera ganizolo, ndipo kwa zaka zoposa 10 aphunzitsi ankaopa kuliyesanso. Kwa anthu a fantasy, mphunzitsi akanena kuti ntchito yotseka azigawana anthu angapo, imeneyo ndi nkhani yoipa kuposa zonse, chifukwa sudziwa woti umugule.

Chaka chimene chimaonetsa bwino moyo wa anthu amenewa ndi 2012. Pa 3 May, ku Kansas City, Mariano Rivera wa New York Yankees ankathamangira mipira masewera asanayambe, monga ankachitira nthawi zonse pofuna kulimbitsa thupi. Rivera, mwana wa msodzi wa ku Puerto Caimito ku Panama, anali ndi zaka 42 ndi ma save 608, oposa a munthu wina aliyense m'mbiri. Ndiye anali chitsanzo cha amene ankati lipira ugone tulo, chifukwa kuyambira 1997 mpando wake sunagwedere. Tsikulo bondo linapotoka pafupi ndi mpanda, mtsempha n'kuduka, sizoni yake n'kuthera pomwepo. Usiku womwewo anthu anathamangira David Robertson, amene ankaponya chigawo cha 8 ndipo aliyense ankadziwa kuti ndiye wotsatira. Ambiri anakhuthula thumba lawo pa iye. Pasanathe masabata awiri Robertson anavulala mnofu wa m'nthiti. Mpando unagwera Rafael Soriano, amene anausunga mpaka kumapeto ndi ma save 42. Amene anaganiza bwino anataya ndalama, ndipo amene anachedwa n'kutola wotsala ndi amene anapindula.

Chaka chomwecho ku Tampa Bay, wotseka Kyle Farnsworth anayamba sizoni ndi chigongono chopweteka. Mphunzitsi Joe Maddon anapatsa mpira Fernando Rodney, wa zaka 35, amene chaka chapitacho ku Angels ankalola zigoli 4.50 pa zigawo 9 ndipo pa okushoni anthu sankamuyang'ana n'komwe. Rodney anapeza ma save 48 ndi nambala ya 0.60, kuposa ija ya Eckersley. Mu 2013 zinachitikanso ku Boston: Joel Hanrahan anavulala, Andrew Bailey anavutika kenako n'kuvulala, ndipo Koji Uehara wa ku Japan, wa zaka 38, amene sanali m'maganizo a munthu, anatenga mpandowo mu June n'kufika poponya mpira womaliza wa World Series, fainolo ya ligi yaikulu. Nkhani ngati zimenezi ndizo zimasunga anthu maso usiku. Aliyense amakhulupirira kuti Rodney wa chaka chino ali penapake mu bullpen ya timu yosatchuka, ndipo kawirikawiri amakhaladi alipo.

Za kuvulala zili ndi mbiri yakeyake. Pa 25 September 1974, dokotala Frank Jobe anatenga mtsempha pa mkono wina wa Tommy John wa Dodgers n'kulumikizira chigongono chake chimene chinaduka. Kale vuto limenelo linkathetsa ntchito ya woponya. John anabwerera mu 1976 n'kupambana masewera ena 164, ndipo opaleshoniyo inatenga dzina lake. Lero yafala kwambiri, chifukwa oponya, makamaka a chigawo chimodzi, amaphunzitsidwa kuponya ndi mphamvu zonse mpira uliwonse, ena mpaka liwiro la makilomita 160 pa ola, ndipo kamtsemphako sikanalengedwere zimenezo. Kuchira kumatenga chaka kapena kuposerapo. Mu April 2024, m'masiku owerengeka, Eury Pérez wa Miami, Shane Bieber wa Cleveland ndi Spencer Strider wa Atlanta onse anataya sizoni chifukwa cha chigongono. Wosewera fantasy wazolowera chilankhulo cha matimu. Akamva kuti mkono wangokungika pang'ono amadziwa kuti pangakhale zazikulu, ndipo akamva kuti woponya wapita kukaonana ndi dokotala wachiwiri amayamba kufunafuna wolowa m'malo.

Ndandanda ya ovulala nayo yasinthasintha. Kwa zaka zambiri wovulala ankakhala kunja masiku osachepera 15. Mu 2017 anatsitsa kufika pa 10, ndipo matimu ena, makamaka Dodgers, anayamba kuikapo oponya ongotopa kuti apume n'kubweretsa ena atsopano. Mu 2022 oponya anawabwezera pa masiku 15. Maligi a papepala nawo ali ndi malo osungira ovulala, ndipo malamulo a malowo ayambanitsa mabwenzi ambiri. Ngakhale osewera enieni sanapulumuke. Mu May 2022, masewera asanayambe ku Cincinnati, Tommy Pham anamenya mbama Joc Pederson wa San Francisco Giants pa mkangano wa ligi yawo ya papepala ya mpira wa ku America, wokhudza kusunga wosewera pa malo a ovulala, ndipo anaimitsidwa masewera atatu.

Apa pali chinthu chimene chimandivuta mumtima, ndipo sindikufuna kuchilambalala. Masewerawa amaphunzitsa munthu kumva za tsoka la mnzake ndi funso limodzi lokha: ndani akulowa m'malo? Mu January 2023 Liam Hendriks, wotseka wa White Sox wochokera ku Australia, analengeza kuti wapezeka ndi khansa. Olemba tinkhani tatifupi tija anayenera kulemba zimenezo, kumufunira zabwino, ndipo m'munsi mwake n'kutchula amene angatenge ma save ake, chifukwa ndiyo ntchito yawo. Hendriks anachira n'kubwerera pa bwalo kumapeto kwa May, koma pofika August anali atachitidwa opaleshoni ya chigongono. Sindikunena kuti osewera fantasy ndi ouma mtima. Ambiri amadziwa mbiri za oponya osatchuka kuposa ochemerera wamba, amadziwa amene anavutika zaka zambiri m'maligi ang'onoang'ono, ndipo amakondwera naye zenizeni akapeza mwayi. Masewerawa anapatsa ulemu anthu a m'kampanda amene kale sankatchulidwa. Koma ulemuwo umabwera limodzi ndi kudikirira kuti wina agwe, ndipo wosewera aliyense ayenera kudziyang'anira kuti mtima wodikirirawo usamulowerere.

Chimene chinagwedeza mpando wa wotseka chinachitika mu October 2016. Zach Britton wa Baltimore Orioles anali atasunga masewera onse 47 amene anapatsidwa, akulola zigoli 0.54 zokha pa zigawo 9 zilizonse. Pa masewera a ndime ya chipulula ku Toronto, zigoli zili zofanana mpaka chigawo chowonjezera cha 11, mphunzitsi Buck Showalter anamusunga kudikira kuti timu itsogole kaye. Siinatsogole. Edwin Encarnación anatulutsira kunja mpira wa Ubaldo Jiménez, sizoni ya Orioles n'kutha Britton ali mu bullpen osaponya mpira ndi umodzi womwe. Patangopita masiku awiri, Terry Francona wa Cleveland anaitana woponya wake wabwino koposa, Andrew Miller, m'chigawo cha 5 polimbana ndi Boston, ndipo anapitiriza kuchita zimenezo mpaka timuyo inafika mu World Series. Zimene James ankanena zija zinaonekera poyera. Mu May 2018 Tampa Bay inafika poyambitsa masewera ndi Sergio Romo, woponya wa mu bullpen, kuti athane ndi omenya oopsa a poyamba kenako achoke.

Komabe save siinafe, chifukwa ndalama zenizeni zikuitsatirabe. Mu February 2017 Dellin Betances wa Yankees, mmodzi mwa oponya oopsa kwambiri a nthawiyo, anapempha madola 5 miliyoni kwa oweruza za malipiro n'kupatsidwa 3 miliyoni, ndipo mkulu wa timuyo, Randy Levine, ananena poyera kuti sangalipidwe ngati wotseka pamene si wotseka. Oponya amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amaufuna mpandowo. Maligi ambiri a papepala tsopano amaphatikiza save ndi nambala ina yotchedwa hold, imene John Dewan ndi Mike O'Donnell anaipanga mu 1986 kuti iwerengere woponya wa pakati amene wasunga zigoli n'kusiyira mnzake. Ine ndili kumbali ya kusinthaku, chifukwa kumalipira ntchito kuposa udindo, chimene Holtzman ankafuna poyamba pomwe. Okana amati kusaka wotseka watsopano ndiko kukoma kwa masewerawa, ndipo ukakuchotsa watsala ndi masamu okhaokha. Ndikuwamvetsa, koma kukoma kumene kumadalira kwambiri kugwa kwa munthu wina ndingalole kuti kuchepe.

Amene amasewera Fantasy Premier League kuno kwathu, n'kumadikira Lachisanu kuti amve ngati wosewera wawo wachira, ndi adzukulu a nkhomaliro ya ku New York ija. Andrew Wainstein anayambitsa ligi ya papepala ya mpira wamiyendo ku Britain mu 1991 atatengera fantasy baseball ya ku America. Kusiyana kwake n'kwakuti mu baseball nkhani zimasintha usiku uliwonse kwa miyezi 6, ndipo m'maligi ambiri wosewera mmodzi amakhala wa munthu mmodzi yekha, moti mnzako akakutsogolera ndi mphindi imodzi wapita naye.

Pa 15 March 2023, ku Miami, Edwin Díaz anatulutsa womenya womaliza wa Dominican Republic, dziko lake la Puerto Rico n'kupambana 5 kwa 2 mu World Baseball Classic. Anali atangosaina ndi New York Mets mgwirizano wa zaka 5 wa madola 102 miliyoni, ndalama zimene woponya wa mu bullpen anali asanalandirepo, atatulutsa omenya 118 osakhudza mpira m'zigawo 62 chaka chapitacho. Anzake anamuzungulira akudumphadumpha ndi chimwemwe, ndipo iye anagwa pansi, mtsempha wa bondo lamanja utaduka. Anamuchotsa pa bwalo pa njinga ya odwala mng'ono wake Alexis akulira. March ndi mwezi wa okushoni, choncho anthu ambiri anali atamugula kale pa mtengo wokwera kuposa wotseka wina aliyense. Amene analowa m'malo mwake ku Mets anali David Robertson yemwe uja wa 2012, tsopano akuyandikira zaka 38. Ulendo uno thupi linamulola, ndipo anapeza ma save 14. Kumapeto kwa July, Mets itaona kuti sizoni yawonongeka, inamugulitsa ku Miami Marlins. Kumeneko anataya masewera angapo motsatizana, ndipo August asanathe mphunzitsi anapereka chigawo cha 9 kwa Tanner Scott.